Galimoto yomalira ikafuna yokha: ndemanga yanga pa amdala a zamagetsi aku Chilenje

Ngati muli muno mu Lusaka ndipo galimoto yanu ili ndi kavuto kaja koti m'mawa yalira bwinobwino koma masana mukaimika pang'ono yakana, sitata ikuzungulira mwamphamvu koma injini osagwira, kenako pakapita nthawi yalira yokha popanda munthu kuigwira, werengani kaye izi musanayambe kugula masipeya. Ndikulemba za amdala ena a zamagetsi a galimoto omwe ali ku Chilenje, ntchito yawo ndaiona ndi maso anga ndipo ndakhutira nayo, ngakhale pali zina zomwe sizinandisangalatse ndipo ndizinena zonse. Dzina lawo sindilemba pano chifukwa sindinawapemphe, komanso pamalo pawo palibe ndi chikwangwani chomwe, ndi payadi chabe, pali mtengo wa mango ndi kashedi ka malata kamene amasungamo zitsulo zawo.

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 2003, zija za NZE121 zadzaza mutauni muno, injini yake 1NZ-FE ya malita 1.5, ndipo ndi otomatiki ndiye ikakana palibe zoti anyamata akukankhireni ilire, mumangokhala pomwepo. Vuto linakula mu Okutobala dzuwa litafika poipa. M'mawa kunyumba inkalira kamodzi n'kamodzi. Koma ndikayenda nayo mu jamu ya mu Lumumba Road, n'kukaimika ku Kamwala kuti ndinyamule katundu wa anthu, pobwera kiyi kupotoza, sitata kulira, injini zii. Nthawi zina theka la ola yalira, nthawi zina mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndimadyera galimoto imeneyi, ndimaperekera katundu m'mashopu, ndiye tsiku lililonse ikakana ndi ndalama yapita komanso kasitomala wakwiya.

Ndisanafike kwa amdalawa galimoto inali itadutsa kale m'manja mwa amakanika ena. Woyamba anati mapulagi, tinasintha. Wina anaika mashini aja ounikira, sanapeze nambala iliyonse yosonyeza vuto, zija amati makodi, n'kunena kuti mwina koyilo imodzi ikufooka ikatentha, nayonso tinasintha. Wachitatu anaipeza itakana, anagogoda pansi pa thanki ndi chibakera mnzake akupotoza kiyi, galimoto n'kulira, basi onse tinagwirizana kuti ndi pampu ya mafuta, anaika pampu yatsopano ndipo inayendadi bwino kwa kanthawi mpaka ine mtima unakhala pansi, kenako vuto lija n'kubwerera, ndipo ulendo uno linkabwera pafupipafupi kuposa kale. Sindikuwanyoza anthu amenewa, vuto lobwera n'kupita ndi lovuta kwa wina aliyense chifukwa galimoto ikafika pagalaja imalira bwinobwino, koma chomwe chimandipweteka n'chakuti aliyense amangoganizira ndipo wolipira kuganizirako ndi mwini galimoto.

Amdala aku Chilenje atandilandira sanatsegule ndi boneti yomwe. Anandikhazika pa benchi n'kuyamba mafunso. Imakana ikatentha kapena ikazizira? Inayamba yazimapo ikuyenda kapena imangokana polira pokha? Ikakana, kagetsi ka check engine kamayaka mukatsegula kiyi? Mafuta amakhala ochuluka bwanji mu thanki? Ndani anaigwirapo ndipo anamasula chani? Nditawauza za pampu ija kuti itasinthidwa galimoto inakhala bwino kanthawi kenako n'kuyambiranso, anangogwedeza mutu n'kulemba m'kabuku kawo. Titazindikira kuti tonse ndife akum'mawa, iwo aku Katete, anayamba kunditchula kuti mphwanga, ndipo anandiuza mosabisa, "Mphwanga, ine ndalama yofufuzira ndimalipiritsa payokha, kaya tasintha chinthu kaya sitinasinthe, ndipo galimoto yomwe ikulira sindingaikonze, mpaka ikane pamaso panga."

Anthu ambiri amathawira pamenepa, amati ndilipire bwanji munthu asanamange ngakhale bawuti imodzi, ine nthawi imeneyo ndinalipira K400. Ine ndikuti ndalama imeneyo ndi yomwe inagwira ntchito kuposa zonse zomwe ndinaononga pa galimotoyi.

Choyamba anamangirira geji ya pulesha ya mafuta pa paipi yopita ku ma injekita, tija timapopera mafuta mu injini, n'kuitulutsira kunja kwa boneti, kuimata ndi tepi pagalasi lakutsogolo kuti tiziiona tikuyenda. Anandionetsa papepala lomwe anachita kupulinta kuchokera m'buku la Toyota, lakuda ndi girizi, kuti injini ya 1NZ-FE imafuna pulesha ya pakati pa 304 ndi 343 kPa, ndiye kuti ma bar atatu ndi kakang'ono pamwamba, ndipo mukazimitsa injini pulesha isatsike kupitirira 147 kPa pa mphindi 5. Yanga m'mawa umenewo inali momwemo ndithu, singano itaima njii. Anati izi zikutanthauza kuti pampu ikamazungulira imakankha bwino, ma injekita sakudontha, ndipo valavu yoletsa mafuta kubwerera mu thanki ikugwira. Ndiye funso silinalinso loti pampu ili ndi mphamvu kapena ayi, koma loti n'chifukwa chiyani nthawi zina siyamba n'komwe.

Apa anandiphunzitsa chinthu chomwe ndikufuna eni ma Toyota akale amve. Pali malangizo aja aliyense amapereka oti tsegula kiyi umvetsere kumbuyo, ukamva kulira kwa pampu ndiye kuti ili bwino, ukapanda kumva yafa. Pa magalimoto ambiri ndi zoona, pampu imalira masekondi awiri kapena atatu mukangotsegula kiyi. Koma pa ma Toyota ambiri a zaka zimenezo kompyuta siyatsa pampu pa kiyi chabe, imadikira sitata iyambe kuzungulira komanso sensa ya crankshaft itumize uthenga kuti injini ikutembenuka, ndi pamene imayatsa rileyi ya pampu, swichi yopereka magetsi ku pampu yomwe a Toyota amailemba kuti C/OPN. Ndiye munthu akhoza kutsegula kiyi, osamva kanthu, n'kuweruza kuti pampu yafa pomwe ilibe mlandu. Kumvetsera kwake kumafunika wina akupotoza kiyi, wina khutu lili pa mpando wakumbuyo, chifukwa pa Corolla imeneyi pampu ili mkati mwa thanki pansi pa mpando umenewo.

Anafotokozanso chifukwa chomwe mashini aja sanapezere kodi. Injini imeneyi ilibe sensa yoyeza pulesha ya mafuta, kompyuta imangolamula kuti pampu iyake koma siidziwa ngati yayakadi. Sensa ya crankshaft ikafa mukhoza kupeza P0335, mafuta akamachepa galimoto ikuyenda mukhoza kupeza P0171, koma pampu ikangokhala chete polira kompyuta ilibe chonena. Ndiye amene akukuuzani kuti mashini akuti zonse zili bwino sakunama, kungoti mashiniwo sanafunsidwe funso loyenera.

Tinachotsa mpando wakumbuyo ndi kachitsulo kovindikira pamwamba pa thanki, koma anakaniza anyamata awo kugwira konekita ya mawaya, anati pasapezeke wozula kapena kugwedeza kanthu. Kenako tinayamba kuzungulira, kutsika Burma Road, kulowa mutauni, kukaima mu jamu dala dzuwa lili pamutu, kubwerera, kuzimitsa, kudikira pang'ono, kuliza. Inalira. Kuzunguliranso. Kunena zoona apa pamafunika kuleza mtima, mafuta ndi anu akupsa ndipo mukuona ngati palibe chikuchitika. Chakumasana titaimika pansi pa mango paja, kupotoza kiyi, inakana, ndipo amdala anadzuka pa benchi mwachangu nkhope itawala, chifukwa ndi nthawi yomwe ankaidikira.

Zomwe anachita m'mphindi zochepa zimenezo ndi zomwe ndikulembera ndemanga ino. Anayang'ana kagetsi ka check engine, kanali koyaka, ndiye kuti fyuzi ndi rileyi ya EFI zikupereka magetsi ku kompyuta. Anayang'ana geji, singano sinkakwera ngakhale pang'ono sitata ikuzungulira. Anamasula paipi ya mpweya n'kupopera pang'ono mankhwala aja otsukira kabureta, kupotoza kiyi, injini inagwira kamphindi n'kuzima. Anati basi moto ulipo, makoyilo ndi mapulagi ndi sensa ya crankshaft zichoke pa mndandanda, chikusowa ndi petulo. Kenako anagwada kumbuyo kuja, konekita ili chimangire, n'kulowetsa tisingano tiwiri kumbuyo kwake komwe mawaya amalowera, kulumikiza babu la hedilaiti la 55 watts, mnyamata kupotoza kiyi, babu linayaka mbee.

Ndinawafunsa kuti abambo, bwanji osagwiritsa ntchito mita yanu ili apoyo. Anati mita imayeza popanda kukoka magetsi, ndiye ngakhale waya utatsala ndi kaulusi kamodzi kapena pini itachita dzimbiri, mita idzakuonetsa 12 volts ndipo udzanyengeka. Zili ngati mpopi wa m'komboni, uli chitsekere paipi imaoneka yodzaza, koma tsegula uone, madzi akungodontha. Babu la hedilaiti limakoka ma amp anayi kapena asanu, pafupifupi omwe pampu imakoka, ndiye likayaka mowala ndiye kuti njira yonse kuchokera ku batire, fyuzi, rileyi, mawaya ndi earth ikutha kunyamula katundu weniweni. Pa galimoto yanga magetsi ankafika mpaka pakhomo pa thanki ali amphumphu, koma pampu inali chete. Malo okayikitsa anatsala awiri okha, konekita yomweyo kapena pampu mkati.

Ndiye anangoika chala pa konekita n'kuidinikiza pang'ono chammbali, mnyamata kupotoza kiyi, singano ya geji inadumpha, galimoto n'kulira. Injini ikuyenda choncho anaikankhira mbali inayo, singano inayamba kutsika pamaso pathu, injini kunjenjemera, kuzima. Anabwereza kuti ine ndione bwino. Atachotsa waya wa batire n'kuizula, ndinaona ndekha, pini imodzi inali yakuda bii, pulasitiki yozungulira itasungunuka n'kusanduka yofiirira, ndipo kachitsulo kamkati komwe kamayenera kuluma pini kanali katayasamula, ukalowetsa pini imangogwedera. Kanthu kochepa kuposa chikhadabo.

Mmene anafotokozera, pini ikamagwira mosakwanira pamatentha chifukwa magetsi akudutsa mopanikizika, kutenthako kumafooketsa kachitsulo, kachitsulo kakafooka kamagwira mochepa kuposa kale, ndiye zimangoipiraipira. M'mawa zitsulo zitazizira zimakhudzana, masana zikatentha zimatayana. Ndipo apa ndi pamene ndinamvetsa za chibakera chija, kugogoda thanki kunkagwedeza konekita osati pampu. Nthawi zambiri kugogoda kumaulula pampu yomwe mabulashi ake atha, n'zoona, koma si umboni wokwanira. Komanso pamene anasintha pampu anazula ndi kubwezera konekita, kuzulako kunapala dzimbiri pang'ono, n'chifukwa chake inakhala bwino kanthawi.

Sanathere pomwepo, ndipo ichi ndi chomwe chinandisonyeza kuti munthuyu ntchito amaidziwa. Anati pini siipsa popanda chifukwa, tiyeni tione chomwe chinaiotcha. Anatulutsa chonse cha pampu mu thanki, koma kaye anathamangitsa mnyamata wina yemwe ankasuta chapafupi, anatsegula zitseko zonse, chozimitsira moto chili pambali, chifukwa nthunzi ya petulo siichedwa kugwira. Pa injini imeneyi sefa ya mafuta ndi regyuleta ya pulesha zonse zili mkati mwa thanki pamodzi ndi pampu, palibe paipi yobwezera mafuta kuchokera ku injini, ndiye anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti sefa iliko ndipo imatha zaka osasinthidwa. Yanga inali yomwe inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, atathira mafuta ake m'botolo loyera anatuluka abulauni, tinyenyeswa tikuyandama. Amene anaika pampu yatsopano anasintha kamota kokha, sefa n'kusiya yakale. Pampu ikamakankha mafuta pa sefa yotsekeka imavutika, imakoka magetsi ambiri, ndipo amene amapsa ndi malo ofooka pa waya. Anayezanso kamota ndi mita, buku limati kazikhala pakati pa 0.2 ndi 3.0 ohms, kanali momwemo, ndiye anati kameneka musataye, kakadali ndi moyo.

Masipeya iwo sagulitsa, ndipo ichi ena adzachiona ngati chovuta. Anandilembera pakapepala zofunika, sefa, kasefa kakang'ono ka kunsi kwa pampu, labala yotsekera pakamwa pa thanki, ndi konekita yokhala ndi mawaya ake komanso chivindikiro chapamwamba kuchokera ku galimoto yophwasulidwa, ndinachita kukwera basi kupita mutauni kukasaka. Kumbali ina ndinaona kuti n'zabwino, munthu amene sapindula pa masipeya alibe chifukwa chokuuzani kuti musinthe chinthu chomwe chili bwino. Polumikiza mawaya magetsi anali atapita monga mwa masiku onse, iwo ali ndi kachitsulo kowotcherera koyendera batire la galimoto, anawotcherera bwinobwino kutali ndi thanki, n'kuveka timachubu tija tofota ndi kutentha, osati zongopota mawaya n'kukulunga tepi. Atamanga zonse tinayendanso ndi geji ili pagalasi, kuigwedeza konekita injini ikuyenda, singano osasuntha. Kuchokera pamenepo mvula yabwera, ndadutsa m'madzi a ku Kanyama, ndapita ku Chipata n'kubwera, siinakanepo.

Manje zomwe sizinandisangalatse. Foni sayankha, akakhala pansi pa galimoto mukhoza kuimba mpaka kutopa, ndipo sabweza. Nthawi sasunga, akati bwerani 8 koloko mukhoza kupeza ali ndi galimoto ina ya dzulo ndipo sangaisiye pakati, inu muzingodikira pa benchi, pamalopo palibe pogula ngakhale madzi ozizira. Risiti salemba pokhapokha mutaumirira, ndiye kwa amene galimoto ndi ya kampani zikhoza kukuvutani. Anyamata awo anasiya zala za girizi pa mpando wakumbuyo ndi pa denga mkati, ndinawauza amdala ndipo anawadzudzula, koma kuchapa ndinachapa ndekha, ndipo fungo la petulo linatenga masiku kuti lithe m'galimoto. Payadipo mvula ikagwa ndi matope okhaokha. Komanso ngati muli pachangu, mukufuna galimoto ituluke lero lomwe zivute zitani, amdalawa adzakukwiyitsani, chifukwa sangasinthe chinthu asanatsimikize, ngakhale inu eni ake mutawapempha. Pamene ndinali pomwepo panabwera bambo wina ndi Vitz akufuna angomuikira pampu yomwe anabwera nayo m'manja, anamuuza mwaulemu kuti apite kwina.

Za mafuta ochepa mu thanki ananenapo mawu omwe ndikuona kuti ndi oona. Tonse tikudziwa mmene zilili, ERB, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta, imalengeza mitengo mwezi ndi mwezi ndipo ambiri mutauni muno timathira ya K100 kapena K150 kuti tingofika, kagetsi ka mafuta kamakhala koyaka sabata yonse. Thanki ya Corolla imeneyi ndi ya malita 50, ndipo petulo yemweyo ndi amene amaziziritsa pampu. Mafuta akachepa kwambiri, pokhota kapena pa mabampu pampu imayamwa mpweya, imatentha, imatha msanga. Iwo sanandiuze zodzazitsa thanki, akudziwa mmene matumba alili, anangoti yesetsani isamatsike kupitirira kota, ndalama yake ndi yomweyo kungoti mumathira msanga. Anachenjezanso za mafuta ogula m'zigubu m'mbali mwa msewu, kuti zinyalala ndi madzi zambiri zomwe amapeza m'mathanki zimachokera kumeneko.

Amene ndingawatumize kumeneko ndi a vuto lobwera n'kupita, la magetsi kapena la mafuta, makamaka ma Toyota, ma Nissan ndi ma Honda akale ochokera ku Japan, ndi zomwe ndinaona zitadzaza payadipo. Za giyabokosi, ma shoko kapena kuphwasula injini sagwira, adzakuuzani okha. Mukamapita, pitani ndi mafuta osachepera theka la thanki chifukwa mudzazungulira nawo, konzekerani kutaya tsiku lonse kapena kuisiya igone, ndipo musanapite muzilemba pafoni nthawi iliyonse ikakana, kunali kotentha bwanji, munayenda mtunda wotani, kagetsi ka check engine kanayaka kapena ayi, inalira patapita nthawi yaitali bwanji. Ngati pali masipeya akale omwe amakanika ena anachotsa, anyamuleni, amafuna kuwaona. Ndipo ikakana panjira, musalole aliyense azule mafyuzi, marileyi ndi makonekita mwachisawawa kuti ayese mwayi, chifukwa ikalira mwanjira imeneyo simudziwa chomwe chinali chovuta ndipo amdala adzayambanso kudikira kuti ikane. Koyilo yanga yakale ija ndinapita nayo, anaiyeza n'kupeza kuti ilibe vuto, pano ili mu buti ngati sipeya.